Kandege ndi mpamba: kodi pali njira yogawira ndalama kuti munthu abweze zimene analuza?

Funso: Ndimakhala ku Mufakose mu Harare ndipo ndimagwira ntchito yowotcherera zitsulo ku msika wa Siyaso. Kwa miyezi isanu tsopano ndakhala ndikusewera njuga ya kandege pa foni. Sabata yoyamba ndinaika madola 10 n'kutulutsa madola 85, koma kuchokera pamenepo zinthu zakhala zikubwerera m'mbuyo, moti ndikawerengera ndaluza madola pafupifupi 400, kuphatikizapo theka la lendi ya mwezi wathawu ndi ndalama imene ndinayenera kutumizira amayi ku Ntcheu. Anzanga akuti vuto langa ndi kusadziwa kugawa mpamba. Ena akuti ndizitulutsa msanga pa 1.5, ena akuti ndikaluza ndiziwirikiza kawiri, ndipo wina akufuna kundigulitsa pa madola 20 pulogalamu yolosera pamene ndege ithawire. Ndili ndi madola 100 amene ndikufuna kuyambiranso nawo. Kodi ndiwagawe bwanji kuti ndibweze zanga?

Yankho: Bambo, zikomo kwambiri chifukwa cholemba mosabisa mawu. Anthu ambiri amene amandifunsa za kandege amatchula madola amene anawina okha, koma inu mwatchulanso lendi ndi ndalama ya amayi, ndipo n'chifukwa chake ndikuyankhani motalikirapo. Ntchito yanga kwa zaka zambiri yakhala yowerengera mwayi ndi ngozi pa nkhani za inshuwalansi muno mu Harare, ndipo masamu amene timagwiritsa ntchito poika mtengo wa inshuwalansi ya maliro ndi amtundu umodzi ndi amene eni masewera a njuga amagwiritsa ntchito pokonza masewera awo. Yankho lenileni ndi lakuti palibe kukula kwa mpamba kapena kagawidwe ka mpamba kamene kangasandutse kandege kukhala ntchito yopindulitsa. Kagawidwe kamangosintha liwiro limene ndalamayo ikuthera ndiponso mmene kuluzako kukuwawira mumtima. Ndikufuna ndikuonetseni zimenezi ndi manambala, kuti mukathe kuziwerengera nokha pa pepala, osangodalira mawu anga kapena a anzanu.

Masewera amene ife timawatcha kandege dzina lake lenileni ndi Aviator, ndipo anapangidwa ndi kampani ya Spribe, imene inawatulutsa mu 2019. Alipo ena ofanana nawo, monga JetX wa kampani ya SmartSoft Gaming, koma onsewo kapangidwe kake ndi kamodzi. Munthu amaika ndalama ndege isananyamuke, nambala yochulukitsira imayamba pa 1.00 n'kumakwera, ndipo akadina Cash Out ndege isanathawe amalandira ndalama yake itachulukitsidwa ndi nambala imene ili pa sikirini nthawi imeneyo, koma akachedwa yonse yapita. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti nambala imene ndegeyo ithawire imakhala itadziwika kale mu kompyuta pamene ulendo ukuyamba. Kandege kamene mumakayang'anitsitsa kaja ndi chithunzi chongoonetsa pang'onopang'ono zotsatira zimene zilipo kale, ndipo sikadziwa ngati mwaika ndalama zambiri kapena zochepa, kaya munaluza dzulo, kaya mwawina m'mawa.

Nambala yofunika kuposa zonse pa masewerawa imatchedwa RTP, ndipo ndi gawo la ndalama zobetchedwa limene limabwerera kwa osewera pakapita nthawi yaitali. Spribe imalengeza kuti RTP ya Aviator ndi 97 peresenti. Tanthauzo lake n'lakuti pa madola 100 aliwonse amene anthu onse pamodzi amaika, madola 97 amabwerera kwa osewera ndipo madola 3 amatsala kwa eni ake. Kuchokera pa nambala imeneyi mukhoza kupeza mwayi wa ndege kufika pa nambala iliyonse imene mukufuna, pongogawa 97 ndi nambalayo. Mwayi wofika pa 2 ndi 48.5 peresenti, wofika pa 1.5 ndi pafupifupi 65 peresenti, wofika pa 10 ndi 9.7 peresenti, ndipo wofika pa 100 sukwana n'komwe 1 peresenti. Palinso maulendo atatu kapena anayi pa 100 aliwonse amene ndege imathawa pomwepo isanakwere, moti ngakhale wa chala chofulumira chotani sapulumutsa kanthu.

Tsopano tiyese uphungu wa anzanu amene akuti muzitulutsa pa 1.5. Tiyerekeze kuti mukuika dola imodzi pa ulendo uliwonse, maulendo 100. Mudzawina maulendo pafupifupi 65, ndipo pa ulendo uliwonse phindu ndi masenti 50, zimene zikupereka madola pafupifupi 32. Mudzaluza maulendo pafupifupi 35, dola yathunthu pa ulendo uliwonse. Mukachotsera, mwatsala m'mbuyo ndi madola pafupifupi 3. Wina anganene kuti ndiye titsike mpaka pa 1.2 kuti tiziwina kawirikawiri. Pamenepo mudzawinadi maulendo pafupifupi 81 pa 100, koma masenti 20 okha pa ulendo, zimene zikupereka madola 16, pamene maulendo 19 oluza akutenga madola 19, ndipo kuluza kumodzi kukufafaniza kuwina kasanu. Mwatsalanso m'mbuyo ndi madola 3. Nanga wolimba mtima amene amadikira 10? Iyeyo amawina maulendo osakwana 10 pa 100, phindu lonse pamodzi limakhala madola pafupifupi 87, ndipo zoluza zimakhala madola pafupifupi 90. Madola 3 aja abweranso. Izi sizinangochitika mwangozi ayi, masewerawo anakonzedwa kuti pa nambala iliyonse imene mungasankhe, gawo la eni ake likhale lomwelo. Kusiyana kwake n'kwakuti wa 1.2 amatha pang'onopang'ono akuona ngati zikumuyendera, pamene wa 10 amakwera ndi kutsika mwamphamvu, ndipo mwayi woti adikire maulendo 20 otsatizana osaona 10 ndi pafupifupi 13 peresenti, zimene zimachitika kawirikawiri kwa munthu wosewera tsiku ndi tsiku.

Mwina mukuganiza kuti 3 peresenti ndi yochepa, ndipo mukudabwa kuti nanga madola 400 anapita bwanji. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Gawo la eni ake silidulidwa pa ndalama imene mwatumiza kuchokera ku akaunti yanu ya pa foni ya EcoCash, limadulidwa pa ndalama yonse imene yazungulira m'masewera. Zili ngati munthu amene wapita kuchigayo ndi ndowa ya chimanga, ndipo mwini chigayo amatapako kambale kakang'ono pa kugaya kulikonse. Wogayitsa kamodzi sangadandaule, koma amene akubweza ufa womwewo m'chigayo mobwerezabwereza mpaka usiku adzanyamula ndowa yopanda kanthu, ngakhale kuti palibe pamene anamubera zambiri nthawi imodzi. Munthu amene waika madola 20 m'akaunti n'kumabetcha dola imodzi pa ulendo akhoza kusewera maulendo 150 madzulo amodzi, popeza maulendowa amatsatizana mofulumira kwambiri, ndipo ndalama imene wawina amaibwezeranso momwemo. Ndalama yozungulira madzulo amenewo ndi madola 150, ndipo 3 peresenti yake ndi madola 4.50. Akachita zimenezi masiku 30, yozungulira ndi madola 4,500, ndipo gawo la eni ake ndi madola 135 pa mwezi. Mukachulukitsa ndi miyezi isanu muona kuti madola 400 anuwo si tsoka lachilendo, ndi mtengo wamba wa kusewera motero. Liwiro la masewerawa ndi limene limawachititsa kukhala oopsa kuposa kubetcha pa mpira, kumene munthu amadikira mphindi 90 kuti adziwe zotsatira.

Madola 85 a sabata yoyamba aja satsutsana ndi masamu amenewa. Pa maulendo ochepa chilichonse chikhoza kuchitika, ndipo anthu ambiri amene pambuyo pake amavutika ndi njuga amakumbukira kuti anayamba ndi kuwina. Koma maulendo akamachuluka, zotsatira za munthu zimayandikira 97 peresenti ija, ndipo n'chifukwa chake eni masewera sada nkhawa ndi munthu amene wawina lero, malinga ngati abweranso mawa.

Uphungu wowirikiza kawiri ndi umene ndikufuna tiunike bwinobwino, chifukwa ndi umene ndauona ukugwetsa anthu anzeru ndithu. Njira imeneyi imatchedwa martingale ndipo inali yodziwika kale pakati pa otchova njuga a ku France m'zaka za m'ma 1700. Maganizo ake ndi akuti muike dola imodzi n'kutulutsa pa 2, mukaluza muike 2, kenako 4, kenako 8, ndipo pamene mudzawine mudzabweza zonse ndi phindu la dola imodzi. Pa pepala zimaoneka zosatsutsika. Koma onkhetsani 1, 2, 4, 8, 16 ndi 32, mupeza madola 63. Mukaluza kasanu ndi kamodzi motsatizana, madola 63 apita pa madola 100 anu aja, ndipo sitepe yotsatira ikufuna madola 64 pamene inu mwatsala ndi 37. Mwayi woluza pa ulendo umodzi ndi 51.5 peresenti, ndipo mwayi woluza kasanu ndi kamodzi motsatizana ndi pafupifupi 1.9 peresenti, kutanthauza kamodzi pa mizere yowirikiza 54 iliyonse imene mwayamba ndi dola imodzi. Ndiye taonani malonda amene mukuchita: mukulandira dola imodzi kokwana pafupifupi 53, kenako n'kutaya madola 63 nthawi imodzi. Kuti mupeze phindu la madola 63 mwa njira imeneyi muyenera kumaliza mizere 63 osakumana ndi tsokalo, ndipo mwayi wake ndi pafupifupi 3 pa 10. Chodabwitsa n'chakuti munthu amene wangoika madola 63 onsewo kamodzi n'kutulutsa pa 2 ali ndi mwayi wa 48.5 peresenti, woposa wa munthu wa martingale, chifukwa ndalama yake yadutsa m'chigayo kamodzi kokha. Sindikunena kuti muchite zimenezo. Ndikungoonetsa kuti njira imene imatchuka ngati yosamala ndi imene imapereka zambiri kwa eni ake. Ndipo ngakhale munthu atakhala ndi chuma chambiri, masewerawa ali ndi malire a ndalama imene munthu angaike pa ulendo umodzi, choncho kuwirikizako kumakaima pena pake.

Chimene chimapweteka kwambiri pa martingale si masamu okha. Munthu akafika pa sitepe yachisanu kapena yachisanu ndi chimodzi, mtima umakhala ukugunda, ndipo ndalama ya m'akaunti ikatha amakhulupirira kuti ulendo wotsatirawo ndiwo wobweza zonse. Nthawi imeneyo ndi imene ndalama ya lendi imatuluka m'thumba. Ndinali ndi mphwanga amene anafika pamenepo usiku wina, n'kukatenga katapila, amene anzathu a Chishona amati chimbadzo, kuti apitirize mzere umene unayamba ndi dola imodzi, ndipo banja lonse linamulipirira ngongoleyo kwa miyezi yambiri. Sanali munthu wopusa, ndipo masamu a kusukulu ankawakhoza.

Pamwamba pa sikirini pamakhala mzere wa manambala a maulendo apitawo, abuluu kwa manambala aang'ono, apepo kwa apakati ndi apinki kwa 10 kupita m'mwamba, ndipo anthu amauwerenga ngati mmene mlimi amawerengera mitambo. Akaona abuluu ambiri motsatizana amati pinki yayandikira. Kuganiza kotere kuli ndi mbiri yake. Pa 18 Ogasiti 1913, m'nyumba ya njuga ya ku Monte Carlo, kampira ka roulette, njuga ya gudumu lozungulira, kanagwera pa mtundu wakuda maulendo 26 otsatizana, ndipo anthu anataya ndalama zankhaninkhani pobetcha pa wofiira, poganiza kuti nthawi yake yakwana. Kampirako sikankakumbukira kumene kanagwera poyamba, ndipo kandege nakonso sikakumbukira. Pambuyo pa abuluu khumi, mwayi wofika pa 10 ukadali 9.7 peresenti, monga mmene unalili m'mawa.

Za pulogalamu yolosera ndiyankha mosapita m'mbali: musapereke madola 20 amenewo. Nambala ya ulendo uliwonse wa Aviator imapangidwa pophatikiza nambala yachinsinsi ya kompyuta ya masewerawo ndi manambala ochokera kwa osewera atatu oyamba kubetcha pa ulendowo, ndipo zonsezo zimasakanizidwa ndi njira ya masamu yotchedwa SHA-512. Palibe pulogalamu ya pa foni imene ingadziwiretu zotsatira zake. Munthu amene angakhaledi ndi luso lotero sangavutike kuligulitsa pa madola 20 m'magulu a WhatsApp ndi Telegram, angakhale chete n'kumadzilemeretsa yekha. Ogulitsawa amagwiritsa ntchito masamu omwe aja amene tawerengera. Akakuuzani kuti mutulutse pa 1.5, adzalondola maulendo pafupifupi 65 pa 100 popanda kudziwa chilichonse, ndipo inu mudzaona ngati pulogalamuyo ikugwira ntchito. Ena amapempha nambala yachinsinsi ya akaunti kapena ya EcoCash kuti alumikize pulogalamuyo, ndipo ena amangofuna kuti mulembetse kudzera pa linki yawo kuti azilandira gawo pa zimene mukuluza. Mawu akuti provably fair amene mumawaona m'masewerawa amatanthauza kuti mukhoza kutsimikizira pambuyo pake kuti nambala sinasinthidwe ndege ili m'mwamba. Satanthauza kuti masewerawo ndi opindulitsa, amangotanthauza kuti 3 peresenti ija ikutengedwa poyera.

Za kubetcha pawiri pa ulendo umodzi, kwina kutulutsa msanga kwina kudikira nambala yaikulu, sindinena zambiri. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Mabetcha onse awiriwo akudulidwa 3 peresenti, ndipo chimene mwachita ndi kungowirikiza ndalama yozungulira.

Popeza funso lanu ndi la mpamba, ndikuuzeni zimene akatswiri enieni a kagawidwe ka mpamba amanena. Mu 1956 John Kelly, amene ankagwira ntchito ku Bell Labs ku America, anasindikiza njira yowerengera gawo la mpamba limene munthu ayenera kuika pa betcha iliyonse kuti chuma chake chikule, ndipo mpaka lero amalonda a misika ya masheya amaigwiritsa ntchito. Njirayo imagwira ntchito pokhapokha ngati mwayi uli kumbali ya wobetchayo. Mukaikamo manambala a kandege, yankho limene limatuluka ndi lakuti musaike kanthu. Choncho mawu akuti mpamba sakuyenera pano n'komwe. Mpamba ndi ndalama imene mumagulira ndodo zowotcherera ndi zitsulo, n'kupanga mafelemu a mawindo, n'kugulitsa pa mtengo woposa umene munagulira. Ndalama ya kandege ndi mtengo wa zosangalatsa, ngati tikiti yolowera ku Rufaro kukaonera mpira, ndipo munthu sayembekezera kuti tikiti imubwerere ndi phindu.

Kwa munthu amene amasewera mwa apo ndi apo ndipo sizinamusokonezebe, kusamala kumayambira pamenepo. Ndalama yosewerera ichokere pa zotsala pambuyo pa lendi, chakudya, sukulu fizi, magetsi a ZESA, ndalama ya kombi (minibasi), chopereka cha ku bungwe la maliro ndi zotumiza kumudzi. Ku Canada, malangizo ochepetsa ngozi pa njuga amene anatuluka mu 2021 amati munthu asapitirire 1 peresenti ya ndalama zimene banja limapeza pa mwezi, ndiponso asasewere masiku oposa anayi pa mwezi. Kwa banja limene limapeza madola 300, ameneyo ndi madola 3 pa mwezi wonse. Ndikudziwa kuti ambiri akamva nambala imeneyi amaseka, koma kusekako kumaonetsa kutalika kwa mtunda umene ayenda kale. Ndalama imeneyo igawidwe m'tizigawo tochepetsetsa timene masewerawo amalola, nambala yotulutsira iikidwe pa Auto Cash Out ulendo usanayambe kuti mtima usalamule chala, nthawi yosewera iikidwe malire ndi alamu ya pa foni, ndipo ndalama ya tsikulo ikatha pasakhale kuikanso ina mpaka tsiku lina limene munakonzeratu. Amene wawina atulutse ndalamayo kuchoka m'akaunti ya masewera nthawi yomweyo, chifukwa ndalama yotsala m'menemo imaoneka ngati nambala chabe. Asasewere atamwa, atakwiya, kapena usiku kwambiri pamene anthu onse m'nyumba agona. Zonsezi sizimupangitsa kuwina, zimangochepetsa ndalama yozungulira, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene wosewera ali ndi mphamvu pa icho.

Muwerengerenso zodulidwa zimene sizioneka pa sikirini. Pali ndalama imene imadulidwa potumiza ndi potulutsa pa foni, pali bandulo, ndipo mu Januwale 2025 boma la Zimbabwe linayamba kudula msonkho pa zimene anthu amawina pobetcha pa masewera, umene chaka chimenecho unali 10 peresenti. Kulikonse kumene msonkho wotere ukudulidwa pa zimene mwawina, 97 ija yatsika kale. Makampani a njuga muno amayang'aniridwa ndi Lotteries and Gaming Board, ndipo amene akusewera pa tsamba lopanda chilolezo cha bungweli alibe kokadandaula tsiku limene ndalama yake yakanizidwa kutuluka.

Koma Bambo, malangizo a m'ndime ziwiri zapitazi si anu, ndipo ndikanakhala ndikukunamizani ndikanawapereka kwa inu ngati mankhwala. Kalata yanu ikuonetsa zinthu zitatu: mwagwiritsa ntchito ndalama ya lendi, mwagwiritsa ntchito ndalama ya amayi, ndipo cholinga chanu tsopano si kusangalala koma kubweza zimene zinapita. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la World Health Organization linaika vuto la njuga m'ndandanda wake wa matenda wa ICD-11, umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, ndipo zizindikiro zake zazikulu ndi kulephera kudziletsa, kuika njuga patsogolo pa zofunika za moyo, ndiponso kupitiriza ngakhale mavuto akuonekera. Sindine dokotala ndipo sindikukuyezani kudzera m'kalata, koma zimene mwalembazo zikufanana kwambiri ndi zizindikiro zimenezi. Izi sizikutanthauza kuti ndinu munthu wofooka. Masewerawa anapangidwa mwaluso: batani lili m'manja mwanu, choncho mukaluza mumaona ngati mwachedwa ndi kamphindi kochepa chabe ndipo ulendo wotsatira muchita bwino, pambali pa sikirini pamadutsa mndandanda wa anthu amene awina, ndipo ulendo wina umayamba mtima usanakhazikike.

Tiwerengere limodzi za madola 100 amene muli nawo. Kuti mubweze madola 400 muyenera kusandutsa 100 kukhala 500, kutanthauza kuchulukitsa kasanu. Mukaika yonse kamodzi, mwayi wanu ndi 97 kugawa ndi 5, imene ndi 19.4 peresenti, ndipo palibe njira yogawa ndalamayo m'tizigawo imene ingakweze mwayi umenewu kufika pa 20 peresenti. Pa anthu asanu amene ali m'malo mwanu, anayi adzataya madola 100 amenewonso, ndipo mmodzi amene wabweza zake nthawi zambiri salekera pomwepo, chifukwa tsopano ali ndi umboni mumtima mwake wakuti zimatheka. Madola 400 aja muwatenge kuti anapita. Ndikudziwa kuti mawu amenewa ndi owawa kwa munthu amene amapeza ndalama pokhala tsiku lonse pa moto wa chitsulo, koma madola 100 amene ali m'thumba mwanu lero ndi enieni, ndipo akhoza kutseka gawo la lendi kapena kufika ku Ntcheu sabata ino.

Chimene ndikukupemphani ndi kusiya, osati kuchepetsa, ndipo kusiyako kusadalire mphamvu ya mtima yokha. Lemberani kampani imene mumasewerako kuti itseke akaunti yanu ndipo isakuloleninso kutsegula ina, chotsani pulogalamuyo pa foni, ndipo tulukani m'magulu onse amene amatumizirana zithunzi za zimene awina. Kwa miyezi ingapo, ndalama ya malipiro isagone pa foni yanu. Ngati muli pabanja, auzeni mayi a kunyumba nambala yeniyeni, yonse, chifukwa chinsinsi ndi chimene chimadyetsa vutoli, ndipo nkhani imene mwaulula nokha imapweteka mocheperapo kusiyana ndi imene adzamve kwa eni nyumba. Eni nyumbawo muwaonenso nokha n'kugwirizana nawo masiku olipira zotsalazo. Katapila musamuyandikire ngakhale pang'ono. Ngati mukufuna malo oikapo ndalama imene ingabwere yochuluka nthawi imodzi, lowani chipereganyo, chimene kuno amati mukando, ndi anthu amene mumawadziwa bwino, pakuti m'menemo zimene mwaika ndi zimene mudzalandire.

Masabata oyambirira adzakhala ovuta, makamaka madzulo mu kombi yobwerera ku Mufakose, nthawi imene dzanja linazolowera kutulutsa foni. Musalimbane nazo nokha. Muno mu Harare muli pulogalamu ya Friendship Bench, imene anayambitsa Dr Dixon Chibanda ku Mbare, kumene agogo ophunzitsidwa bwino amakhala pa mabenchi m'makiliniki a mzinda n'kumamvetsera anthu amene alemedwa ndi maganizo, ndipo amathandiza munthu kuyala mavuto ake limodzi ndi limodzi n'kupeza poyambira. Abusa, akulu a mpingo kapena shehe amene mumamukhulupirira angathenso kukhala munthu amene mumamuuza zoona sabata ndi sabata. Ndipo ngati tsiku lina manyazi ndi ngongole zakufikitsani poganiza zodzivulaza, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muuze wachibale musanachoke pakhomo.

Usiku uno tsegulani mbiri ya EcoCash yanu ya miyezi isanu yapitayi, mulembe pa pepala ndalama zonse zimene zinapita ku masewera ndi zonse zimene zinabwerako, chifukwa kawirikawiri nambala yeniyeni imaposa imene munthu amakumbukira. Pepalalo muwaonetse mayi a kunyumba kapena m'bale amene mumamudalira. Mawa, musanapite ku Siyaso, dzerani pa Mukuru mutumize gawo la amayi kuchokera pa madola 100 aja, ndipo otsalawo mukapereke kwa eni nyumba. Pakatha mwezi mundilemberenso, mundiuze nambala imene munapeza pa pepala lija ndi mmene masabata anayiwo ayendera, kuti tidzaone pamodzi mmene mungagawire malipiro anu mpaka ngongole ya lendi itatha.